Waties Waring, jaji yemwe kwawo adamukana

Mu January 1968, mumzinda wa Charleston m'chigawo cha South Carolina ku America mudachitika maliro odabwitsa. Womwalirayo adali mzungu, jaji wopuma, wochokera kubanja lomwe lidakhala mumzindawo kwa mibadwomibadwo. Munthu wotere maliro ake amadzaza ndi mabwana. Koma kumanda a Magnolia kudafika anthu akuda pafupifupi 200, pomwe azungu sadakwane ndi 12 omwe. Anzake omwe adakula nawo ndi maloya omwe ankadyera nawo limodzi adangokhala m'nyumba zawo ngati uthenga sudawapeze.

Dzina lake adali Julius Waties Waring. Ndikufuna tikambirane za munthu ameneyu chifukwa masiku ano khoti likangopereka chigamulo, pasanathe ola timakhala tamaliza kale kuweruza jajiyo pa Facebook ndi m'magulu a WhatsApp. Akagamula mokomera mbali yathu ndi ngwazi, akagamula motsutsana nafe ndiye kuti wadya kanthu. Sitidzifunsa kuti kodi munthuyu wataya chiyani pogamula chonchi. Ine ndimaona kuti funso limeneli ndi lomwe limaonetsa jaji woima payekha, ndipo moyo wa Waring umaliyankha bwino kwambiri.

Mwana wa m'nyumba ya mabwana

Waring adabadwa pa 27 July 1880. Charleston ndi doko lomwe akapolo ochuluka zedi ochokera ku Africa ankatsikirako m'zaka za ukapolo. South Carolina ndiyo idayamba kudzipatula ku United States mu December 1860 pofuna kuteteza ukapolowo, ndipo mfuti zoyamba za nkhondo yapachiweniweni zidalira padoko lomwelo mu April 1861. Bambo ake a Waring adamenya nawo nkhondoyo kumbali ya ofuna ukapolo. Ukapolo udatha mu 1865, koma pomwe mnyamatayu ankakula, malamulo atsankho adali atalowa m'malo mwake. Sukulu, zipatala, mipando ya m'sitima ngakhale manda, zonse zidali zogawidwa, uku kwa azungu uku kwa akuda.

Adamaliza maphunziro ake ku College of Charleston mu 1900. Zamalamulo adaphunzirira mu ofesi ya loya wina monga zinkakhalira nthawi imeneyo, ndipo adayamba ntchito ya uloya mu 1902. Kuyambira 1914 mpaka 1920 adali wothandizira loya wa boma lalikulu pozenga milandu, kenako m'zaka za m'ma 1930 adakhala loya wa mzinda wa Charleston. Ndale adazilowa mpaka m'khosi. Mu 1938 adathandiza kuyendetsa kampeni ya senata Ellison Smith, wodziwika ndi dzina loti Cotton Ed, munthu yemwe ankapempha mavoti polalikira poyera kuti mzungu ayenera kukhala pamwamba mpaka kalekale.

Ndiye tisanamizane, kwa zaka 60 zoyambirira za moyo wake Waring sadaonetse chizindikiro chilichonse choti tsankho likumusowetsa tulo. Adali bwana ngati mabwana anzake. N'chifukwa chake pomwe mpando wa jaji udapezeka, masenata onse awiri a chigawochi adamuvomereza mosavuta. Pulezidenti Franklin Roosevelt adapereka dzina lake mu December 1941, ndipo mu January 1942 Waring adakhala jaji wa khoti la boma lalikulu kum'mawa kwa South Carolina ali ndi zaka 61. Omwe adamukankhira pampandowo ankadziwa kuti aika munthu wawo.

Apa ndifotokoze pang'ono za mpandowu. Ku America kuli makhoti a mitundu iwiri. Chigawo chilichonse chili ndi makhoti akeake, ndiye palinso makhoti a boma lalikulu la ku Washington omwe amamva milandu yokhudza malamulo a dziko lonse. Khoti loyambira la mtundu wachiwiriwu amalitcha district court. Pamwamba pake pali khoti la apilo, kenako khoti lalikulu la Supreme lomwe lili ndi majaji 9. Jaji wa district court amasankhidwa ndi pulezidenti, kuvomerezedwa ndi Senate, ndipo akangolumbira mpandowo ndi wake moyo wonse. Malipiro ake sangadulidwe. Kuti achotsedwe pamafunika aphungu amuimbe mlandu ndipo masenata amupeze wolakwa, zomwe sizichitika wambawamba. Omwe adalemba malamulo aakulu a dzikolo adachita dala zimenezi kuti jaji asamaope andale. Malamulowo amateteza ntchito ndi malipiro basi. Za anzako ndi abale ako sanenapo kanthu.

Ming'alu yoyamba

Mu 1944 Waring adamva mlandu wa mphunzitsi wachikuda wa ku Charleston, Viola Duvall, yemwe adakasuma chifukwa aphunzitsi akuda ankalandira ndalama zochepa poyerekeza ndi azungu a maphunziro ofanana. Loya wake adali Thurgood Marshall wa bungwe lomenyera ufulu wa akuda la NAACP. Marshall adabwera atakonzeka kulimbana ndi jaji wakum'mwera monga adazolowera, koma adangoona jajiyo akupanikiza loya wa mbali inayo ndi mafunso mpaka mlandu udatha mokomera aphunzitsi. Chaka chotsatira Waring adagamulanso chimodzimodzi pamlandu wa aphunzitsi a mumzinda wa Columbia. Azungu adang'ung'udza, koma sadade nkhawa kwenikweni. Khoti la apilo lidali litagamula kale nkhani yotereyi kwina, ndipo Waring ankangotsata lamulo.

Chomwe chidayamba kumudanitsa ndi anthu akwawo ndi nkhani ya m'banja. Mu 1945 adathetsa ukwati wake wa zaka 32 ndi Annie Gammell, mayi wokondedwa pakati pa mabanja otchuka a Charleston. Nthawi imeneyo malamulo a South Carolina sankalola n'komwe kuthetsa ukwati, moti nkhaniyo idakathera ku Florida. Patangopita masiku ochepa Waring adakwatira Elizabeth Avery Hoffman, mayi wochokera ku Detroit kumpoto, yemwenso adali atasiyana kale ndi amuna awiri. Mzinda udakwiya. Ndipo kunena chilungamo, pankhani imeneyi Waring sadali woyera. Adasiya mkazi yemwe adakalamba naye, m'njira yomwe idamupweteka mayiyo kwambiri. Mukumbukire zimenezi, tibwererakonso.

Msilikali yemwe adachotsedwa maso

Pa 12 February 1946, sajeni Isaac Woodard, mnyamata wachikuda wa zaka 26, adatulutsidwa usilikali ku Camp Gordon m'chigawo cha Georgia atatumikira kunkhondo yachiwiri ya dziko lonse kunyanja ya Pacific. Adakwera basi ya Greyhound akadali mu yunifolomu, ulendo wopita kwa mkazi wake. Panjira adasemphana mawu ndi dalaivala pankhani yopempha kuti basi iime akadzithandize. Atafika m'tauni ya Batesburg, dalaivalayo adaitana apolisi. Mkulu wa polisi, Lynwood Shull, adamutsitsa n'kumumenya ndi chibonga, mpaka kumubaya nacho m'maso. Woodard adagona m'chitokosi, ndipo kutacha adamutengera kukhoti la m'tauniyo komwe adamulipitsa $50 pomunamizira kuledzera ndi kusokoneza. Maso onse awiri adali atawonongeka. Sadaonenso mpaka imfa yake.

Nkhaniyi idafala dziko lonse kudzera m'manyuzipepala a akuda ndi pawailesi. Itafika kwa Pulezidenti Harry Truman, iye adalamula kuti boma lalikulu lichitepo kanthu. Shull adaimbidwa mlandu, ndipo mlanduwo udagwera m'manja mwa Waring mu November 1946 ku Columbia.

Pamilandu yotere jaji amangoyendetsa zinthu. Onena kuti munthu ndi wolakwa kapena ayi ndi gulu la anthu wamba 12 lotchedwa jury, ndipo tsiku limenelo onse 12 adali azungu. Maloya a boma adabwera osakonzeka, mboni zofunika sadazifunefune. Loya wa Shull adangotsamira patsankho, kulankhula zonyoza mpaka jaji kumudzudzula. Shull yemwe sadakane kuti adamenya Woodard, adangoti ankadziteteza. Jury sidachedwe. M'mphindi zosapitirira 30 idabwerako n'kunena kuti mkulu wa polisiyo alibe mlandu, ndipo azungu m'khotimo adaomba m'manja. Woodard adali pompo, akumva kuomba m'manjako. Elizabeth Waring, yemwe adabwera kudzaonerera, adatuluka akulira.

Taganizani, anthuni. Munthu wakhala m'makhoti zaka 44, akudziwa bwino lomwe momwe akuda amachitidwira, koma zidatengera tsiku limodzi ili kuti chimuwawe. Kwa nthawi yoyamba nkhanza zidachitikira m'khoti lake lomwe, iye atavala mkanjo, ndipo adalibe mphamvu yosintha chigamulocho. Chomwe chimandigwira mtima ndi zomwe adachita atabwerera kunyumba. Iye ndi mkazi wake adayamba kuwerenga usiku uliwonse. Adawerenga The Mind of the South la W. J. Cash, ndi An American Dilemma, buku lalikulu lomwe katswiri wa ku Sweden Gunnar Myrdal adatulutsa mu 1944 lofotokoza za tsankho ku America. Ankayenda pagalimoto m'madera a akuda omwe adakhala akuwadutsa moyo wonse osawaona. Nkhalamba ya zaka 66 idabwerera kusukulu mwa iyo yokha.

Kusinthako kudayamba kuoneka m'khoti. Adathetsa zoti akuda azikhala mbali yawoyawo. Adalamula kuti mboni ndi oimbidwa milandu achikuda azitchulidwa mwaulemu ngati wina aliyense, osati kungowaitana ndi dzina loyamba ngati ana. Adathetsa chizolowezi choika chizindikiro pamaina a akuda pamndandanda wa anthu oyenera kulowa mu jury. Adalembanso ntchito munthu wakuda, John Fleming, kukhala wosungitsa bata m'khoti lake. Lero zimenezi zingaoneke zazing'ono, koma ku Charleston wa nthawi imeneyo zidali ngati kutukwana mzinda wonse.

Voti ya George Elmore

Nthawi imeneyo kum'mwera kwa America kudali chipani chimodzi champhamvu, cha Democratic. Wopambana pachisankho cha chipulula cha chipanichi ndiye kuti wapambana kale mpando, chisankho chachikulu chidali mwambo chabe. Ndiye pofuna kumana akuda mphamvu, ankangowaletsa kuvota pachipululapo. Mu 1944 khoti la Supreme lidagamula pamlandu wochokera ku Texas kuti zimenezi n'zosemphana ndi malamulo. Akuluakulu a South Carolina adaganiza zochenjera. Bwanamkubwa Olin Johnston adaitanitsa aphungu mwadzidzidzi ndipo m'masiku owerengeka adafafaniza malamulo pafupifupi 150 okhudza zisankho za chipulula. Nzeru yake idali yoti chipani tsopano chakhala ngati kalabu ya anthu apadera, boma silikukhudzidwa, choncho khoti lilibe polowera.

George Elmore, wakuda yemwe adali ndi sitolo ku Columbia, adakanizidwa kuvota mu 1946 ndipo adakasuma mothandizidwa ndi Marshall. Mu July 1947 Waring adagamula kuti chipani chomwe chimasankha olamulira anthu onse sichingadzitche kalabu, ndipo adauza chigawo chake kuti nthawi yakwana yoti chibwererenso mu United States n'kumachita zisankho monga dziko lonse limachitira. Kwa zidzukulu za omwe adayambitsa kudzipatula kuja, mawu amenewa adabaya pamtima. Khoti la apilo lidagwirizana naye, ndipo la Supreme lidakana kumvanso nkhaniyo.

Achipani sadagonje. Mu 1948 adabwera ndi lamulo loti wofuna kuvota alumbire kaye kuti akugwirizana ndi kulekanitsa mitundu. Waring adaitanitsa akuluakulu a chipani kukhoti, kuthetsa lumbirolo, n'kuwachenjeza maso ndi maso kuti wonyozera chigamulo chake asayembekezere kulipira faindi, akalowa m'ndende. Mu August chaka chimenecho akuda oposa 30,000 adavota pachisankho cha chipulula. Chidali chaka chomwecho pomwe bwanamkubwa wa chigawochi, Strom Thurmond, ankapikisana nawo pampando wa pulezidenti ndi mfundo yoteteza tsankho. Mutha kuona nokha momwe mpweya udalili.

Mtengo wake

Apa ndiye walira mvula adaliradi matope. Anzake adasiya kumupatsa moni. Akalowa m'chipinda, anthu ankatuluka. Adachoka m'makalabu omwe adali membala kwa zaka zambiri. Foni ya kunyumba kwake pa 61 Meeting Street inkangolira usana ndi usiku ndi mawu otukwana ndi oopseza. Nyuzipepala ya News and Courier, yomwe kale iye adali loya wake, inkamuthira nkhondo, ndipo mmodzi mwa akonzi ake akuluakulu adali Thomas Waring, mwana wa mchimwene wake weniweni. Phungu Mendel Rivers adayesetsa kuti Waring achotsedwe pampando, anthu zikwizikwi adasaina kalata yopempha zomwezo, koma padalibe mlandu womugwira nawo. Aphungu a chigawochi adafika pokambirana zogulira banjali matikiti opita kokha, osabwerera.

Azungu atatseka zitseko zawo, banjali lidatsegula chitseko chake kwa akuda. Aphunzitsi ndi omenyera ufulu monga Septima Clark ndi Ruby Cornwell ankabwera kudzadya nawo, kulowera khomo lakumaso masanasana, mumsewu womwe wakuda ankalowera khomo lakuseri ngati wantchito. Mu January 1950 Elizabeth adalankhula pamsonkhano wa amayi achikuda a YWCA ndipo adadzudzula azungu akum'mwera mosapsatira mawu. Moto udakula. Mu March anthu adawotcha mtanda pakhomo pawo monga imachitira Ku Klux Klan, ndipo mu October adagenda nyumbayo usiku n'kuphwanya zenera iwo ali m'katimo. Boma lalikulu lidachita kutumiza alonda kuti azimulondera jajiyo.

Ana oyenda pansi a ku Clarendon

Mlandu waukulu pa moyo wake udayamba ndi nkhani ya basi. M'boma la Clarendon, dera la alimi osauka, ana a azungu adali ndi mabasi pafupifupi 30 opita nawo kusukulu pomwe ana akuda, omwe ndiwo adali ochuluka, adalibe ndi imodzi yomwe. Ena ankayenda makilomita oposa 10 kupita kokha. Pachaka boma linkagwiritsa ntchito $179 pa mwana wachizungu aliyense ndi $43 pa mwana wakuda. Sukulu zambiri za akuda zidali zisakasa zamatabwa zopanda madzi. M'busa wina yemwenso adali mphunzitsi, Joseph DeLaine, adasonkhanitsa makolo. Dzina loyamba pamndandanda wa osuma lidali la Harry Briggs, wogwira ntchito pamalo omwetsera mafuta, ndipo mlanduwo udadziwika kuti Briggs v. Elliott.

Lamulo lomwe linkagwira ntchito lidachokera ku chigamulo cha khoti la Supreme cha 1896 pamlandu wa Plessy v. Ferguson, chomwe chidalola kulekanitsa mitundu bola zinthu za mbali zonse zikhale zofanana. Kwa zaka zambiri maloya a NAACP ankamenyera mkati mwa lamuloli, kupempha kuti sukulu za akuda zikonzedwe zifanane ndi za azungu. Marshall adabweretsa mlandu wa ku Clarendon mwanjira yomweyo. Koma mu November 1950 Waring adamuuza kuti mapepala akewo sakugunda pomwe pali vuto, awachotse akalembe ena otsutsa mwachindunji lamulo lolekanitsa ana m'sukulu.

Jajiyu adali atawerengera bwino masamu ake. Mlandu wotsutsa lamulo la chigawo unkayenera kumvedwa ndi majaji atatu, ndipo apilo yake inkapita molunjika ku khoti la Supreme. Ankadziwa kuti anzake awiriwo, John Parker ndi George Timmerman, sangagwirizane naye. Koma kuluza kumeneko ndi komwe kukadatsegula njira ya ku Washington.

Mlandu udayamba pa 28 May 1951. Akuda mazanamazana adalawira m'mamawa kuchokera ku Clarendon, kudzaza khoti, makonde mpaka panja. Loya wa boma adadabwitsa anthu povomera kuti sukuluzo sizidali zofanana, n'kupempha nthawi poti chigawo chidali chitakonza $75 miliyoni yomangira sukulu. Cholinga chidali choti nkhani ithere pa njerwa ndi malata. Marshall adabweretsa katswiri wa kaganizidwe ka anthu, Kenneth Clark, yemwe adaonetsa ana 16 achikuda a ku Clarendon zidole ziwiri, choyera ndi chakuda. Ambiri mwa anawo adasankha choyera kuti ndicho chabwino, n'kuloza chakudacho kuti n'choipa. Umboniwu unkaonetsa kuti tsankho limawononga mwana m'mutu asadafike ndi zaka 10 zomwe.

Mu June 1951 majaji awiri aja adagamula kuti kulekanitsa kupitirire, boma lingokonza sukulu za akuda. Waring adalemba maganizo ake otsutsa. Mfundo yake idali yoti ngakhale mutamanga sukulu ziwiri zofanana njerwa ndi njerwa, kungowalekanitsa anawo chifukwa cha khungu ndi kusalingana kale, ndipo mchitidwewu uyenera kutha pompano. Chichokereni chigamulo cha 1896 chija, jaji wa boma lalikulu kum'mwera adali asanalembepo zotere pamlandu wa sukulu.

Mu February 1952, atakwanitsa zaka 10 pampando, Waring adapuma ndipo banjali lidasamukira ku New York. Adali ndi zaka 71. Pa 17 May 1954 khoti la Supreme, motsogozedwa ndi Earl Warren, lidagamula mlandu wa Brown v. Board of Education, womwe udaphatikiza mlandu wa ku Clarendon ndi ina ya ku Kansas, Virginia ndi Delaware. Majaji onse 9 adagwirizana kuti sukulu zolekanitsa mitundu sizingakhale zofanana. Idali mfundo ya Waring yomwe ija, ngakhale dzina lake silidatchulidwe m'chigamulocho.

Timuyeze bwanji?

Adani ake ku Charleston ankati zonsezi kudali kubwezera chabe. Ankati mzinda udamusala chifukwa chosiya mkazi, ndiye iye adafuna kuubaya pomwe pamapweteka. Ine sindikuona chifukwa chokanira kuti kusalidwako kudachitapo kanthu. Munthu yemwe amaitanidwa kumaphwando sabata iliyonse amakhala ndi zambiri zoti ataye, ndipo mwina Waring akadakhalabe wokondedwa wa mzindawo sakadalimba mtima chonchi. Kukhala kunja kwa mpanda kudamuthandiza kuona momwe mpandawo umaonekera kwa omwe adabadwira kunjako. Koma chigamulo timachiyeza ndi lamulo. Zigamulo zake pa zamavoti zidapita ku apilo kwa majaji omwe adalibe naye chibale ndipo zidaima. Maganizo ake a 1951 adavomerezedwa ndi majaji 9 pa 9. Ndiponso wobwezera amafuna mnzake ndiye amve kuwawa, pomwe apa yemwe ankagona ndi alonda pakhomo adali iye.

Pali china chomwe sindingachibise. Jaji kulangiza loya wa mbali imodzi momwe angakonzere mlandu womwe iye mwini adzauweruze, masiku ano ikhoza kukhala nkhani yomutengera ku komiti yosungitsa mwambo. Tikamusangalalira Waring pa ichi chifukwa zotsatira zake zidali zabwino, tidziwe kuti khomo lomwelo akhoza kulowera jaji wa zolinga zoipa. Ndimamumvetsa poganizira kuti makhoti onse omuzungulira adali atakondera kale mbali imodzi kwa zaka 50, komabe si chitsanzo choti jaji aliyense azitengera.

Tisaiwalenso omwe adalipira mtengo woposa wake. Waring adataya anzake, koma adapita ku New York ndi malipiro ake onse. George Elmore adataya sitolo yake ogulitsa katundu atamunyanyala, banja lake lidasokonekera, ndipo adamwalira ali wosauka mu 1959. Harry Briggs adachotsedwa ntchito tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, mkazi wake Eliza naye adachotsedwa pomwe ankagwira, mpaka banjalo lidachoka m'chigawocho. M'busa DeLaine adamuwotchera nyumba, kenako tchalitchi, ndipo mu 1955 adathawira ku New York anthu atawombera kunyumba kwake. Sadabwererenso kukakhala kwawo. Jaji sapita kukasaka milandu m'midzi. Pakadapanda anthu awa kusaina maina awo akudziwa chomwe chiwagwere, Waring sakadakhala ndi choti agamule.

Waring adamwalira ku New York pa 11 January 1968 ali ndi zaka 87, patangopita miyezi itatu Thurgood Marshall atalumbira kukhala jaji woyamba wachikuda wa khoti la Supreme. Charleston idatenga zaka zina 46 kuti imukumbukire. Mu 2014 adaimika chiboliboli chake pabwalo la khoti lomwe ankagwirako ntchito. Mu 2015 nyumba ya khotilo, yomwe inkadziwika ndi dzina la senata Ernest Hollings, idasinthidwa kukhala J. Waties Waring Judicial Center, ndipo yemwe adapempha kuti dzina lake lichotsedwe ndi Hollings mwini wakeyo. Jaji wina wa khoti lomwelo, Richard Gergel, adafufuza nkhani yonseyi n'kutulutsa buku lotchedwa Unexampled Courage mu 2019.

Akuluakulu amati mlandu suola, ndipo wa Isaac Woodard sudaoledi. Mu 2018 khoti la m'tauni ija lidafafaniza chigamulo chomwe chidamupeza wolakwa mu 1946, ndipo chaka chotsatira adaika chikwangwani chomukumbukira pafupi ndi pomwe adamenyedwera, mbali ina yolembedwa m'zilembo za anthu osaona. Mwini wake sadazimve zimenezi. Adamwalira ku New York mu 1992, atakhala mumdima zaka 46.

Ndiye achinyamata anzanga, tsiku lina khoti likadzapereka chigamulo chomwe chagwedeza mafoni athu, tisanalembe ndemanga tidzayambe tawerenga zifukwa zomwe jajiyo wapereka, kenako tidzaone kuti chigamulocho chakwiyitsa ndani. Chikakwiyitsa omwe adamuika pampando, anzake a kukalabu ndi abale ake omwe, pamenepo tidzachedwe kumutukwana. Ena mwa inu mukuphunzira zamalamulo ndipo mudzavala mikanjo imeneyi. Mpandowo udzateteza malipiro anu, koma za amene adzabwere pamaliro anu mudzasankha nokha ndi zigamulo zanu, monga adachitira mkulu uyu wa ku Charleston.